Kapu, chigoba ndi sikelo: phunziro la mandasi a mwana wanga



Nkhani ya mwezi uno ikuyambira pa khomo panga pomwe. Mwana wanga wamkazi, mayi wa ana atatu, amakazinga mandasi. Geni imeneyi ndiyo imagula sopo, makope ndi yunifolomu ya adzukulu anga. Kwa zaka zingapo zinthu zinkayenda bwino. Thumba la fulawa la makilo 10 linkamukwanira masiku 10, tsiku lililonse mandasi 40. Mwadzidzidzi thumba lomwelo linayamba kutha pa sabata imodzi. Ogula nawonso anayamba kudandaula kuti mandasi sakumveka shuga. Mafuta m'chiwaya ankaphwa msanga. Mpamba unayamba kudyeka.

Tsiku lina madzulo anabwera nkhope ili gwaa. Anati, "Ababa, wa golosale uja akundibera. Amatapa fulawa n'kusokanso thumba. Mawa ndikamuyalutsa anthu akuona." Anzake ena anali atamuuza kale kuti mwina ndi chitaka, wina akumukokera ndalama. Ine ndinati, "Amama, dekhani. Kunamizira munthu kuba ndi mlandu waukulu. Tiyambe tayeza."

M'mawa tinanyamula thumba losatsegula kupita nalo pa sikelo ya kuchigayo. Linakwana makilo 10 ndendende. Wa golosale analibe mlandu. Titabwerera ndinamuuza kuti akande ufa ine ndikuona. Anatapa makapu 8 monga mwa masiku onse. Ndinayang'ana kapuyo n'kufunsa, "Nanga kapu yachitsulo ya mayi ako ija ili kuti?" Anati mwana anapita nayo kudimba n'kuitaya, ndiye anangotenga ina yapulasitiki, poti kapu ndi kapu.

Eetu, wakuba anali kapu. Yakale ija inkalowa mamililita 250, yatsopanoyi 350. Makapu 8 akale ankapanga kilo imodzi ya fulawa. Makapu 8 atsopano ankapanga pafupifupi kilo imodzi ndi theka. Shuga ndi yisiti ankayeza ndi zida zina zomwe sizinasinthe, madzi ankangothira ndi maso, ndipo podula ankadulabe mandasi 40. Mwaona? Mandasi anakula, shuga anachepa, mafuta ankamwedwa ambiri, mtengo uli womwewo. Ogula ankadya fulawa waulere n'kumadandaulanso.

Kuyambira tsiku limenelo ndinabwereka sikelo yaing'ono n'kuyamba kuyeza zinthu za m'khitchini ndi za m'nkhokwe. Zimene ndinapeza, pamodzi ndi zimene ndinafunsa kwa odziwa, ndi zimene ndikufuna tigawane.

Miyezo ilipo iwiri

Pali kuyeza malo amene chinthu chikutenga, ndipo pali kuyeza kulemera kwake. Kapu, supuni, botolo, chigoba, ndowa, beseni ndi dengu zimayeza malo. Chilankhulo chake ndi malita ndi mamililita, ndipo lita imodzi ndi mamililita 1,000. Sikelo imayeza kulemera, m'makilo ndi magalamu, ndipo kilo imodzi ndi magalamu 1,000.

Miyezo iwiriyi imakumana pa madzi okha. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. Izi sizinangochitika mwangozi. Pamene anthu a ku France ankakhazikitsa makilo ndi malita m'zaka za m'ma 1790, anatenga madzi kukhala poyambira. Ukachoka pa madzi, chinthu chilichonse chili ndi kulemera kwakekwake. Lita ya mafuta ophikira imalemera magalamu pafupifupi 920, n'chifukwa chake mafuta amayandama pa msuzi. Lita ya uchi imafika kilo imodzi ndi magalamu 400. Lita ya fulawa imangopitirira pang'ono theka la kilo, chifukwa pakati pa ufawo pali mpweya wambiri.

Ndiye munthu akakufunsani kuti kapu imodzi ndi magalamu angati, mufunseni kaye: kapu yake iti, ndipo muli chiyani?

Dziwani kukula kwa kapu yanu

Simusowa ndalama pa ntchito imeneyi. Tengani botolo la madzi akumwa lolembedwa 500 ml, mulidzaze mpaka pamene madzi amalekezera likamagulidwa. Thirani m'kapu yanu. Ngati madziwo adzaza makapu awiri osatsala, kapu yanu ndi ya mamililita 250, ndipo imeneyo ndiyo yabwino kuyezera. Ngati kapu yachiwiri yafika patheka chabe, kapu yanu ndi yaikulu, ya mamililita 330 kapena 350. Botolo lagalasi la Fanta kapena Coca-Cola ndi mamililita 300, ndipo la Sobo lalikulu ndi malita awiri. Onsewa amalembedwa, mungowerenga.

Supuni ya tiyi imayenera kulowa mamililita 5, ndipo supuni yaikulu 15, kutanthauza kuti masupuni a tiyi atatu ndi supuni yaikulu imodzi. Koma masupuni a pamsika amasiyana kukula. Kachivindikiro kapena kasupuni kobwera ndi mankhwala a ana kamakhala ndi mzere wa 5 ml. Katsukeni bwino, muyeze nako madzi, muthire m'supuni yanu, muone ngati zikugwirizana.

Mukapeza kapu ndi supuni zoyenera, zibiseni. Zisakhale zomwera tiyi kapena zopita nazo kudimba. Mwana wanga tsopano anaimangirira chingwe kapu yake, imakhala pa msomali.

Kapu ya mamililita 250 yosalaza

Mawu akuti yosalaza ndi ofunika. Dzazani kapu, kenako mudutsitse msana wa mpeni pamwamba kuti mulu ugwe. Mukatero mupeza pafupifupi izi:

Madzi: magalamu 250
Mafuta ophikira: magalamu 230
Shuga: magalamu 200 mpaka 210
Fulawa: magalamu 125 mpaka 140
Ufa wa chimanga: magalamu 140 mpaka 160
Mpunga wopuntha: magalamu 200
Nyemba kapena nandolo wouma: magalamu 200
Mtedza wosenda: magalamu 150
Mchere wosalala: magalamu 300
Uchi: magalamu 350

Pa supuni ya tiyi yosalaza, mchere wosalala ndi magalamu 6, shuga 4, soda 5, yisiti wouma 3.

Ndanena kuti pafupifupi chifukwa ufa ndi wosakhulupirika. Fulawa wosefa kumene ndi wopepuka. Yemweyo mukamutsendera ndi dzanja kapena kugogoda kapu pansi, amalowa wambiri, mpaka magalamu 160 m'kapu yomweyo. Pa makapu 8 kusiyanako kumaposa kotala ya kilo. Choncho sankhani njira imodzi ndipo muikakamire. Njira yabwino ndi kutakasa ufa kaye, kuthira m'kapu ndi supuni, n'kusalaza, osatsendera. Mchere nawo uli pawiri. Wamibulu umasiya mipata, kotero supuni yake ndi yopepuka kuposa ya wosalala. Mayi amene anazolowera wamibulu akasintha n'kutapa wosalala ndi supuni yomweyo, ndiwo zimawawa mchere.

Kuchoka ku magalamu kupita ku makapu

Masamu ake ndi a sitandade 5. Tengani magalamu amene mukufuna, muwagawe ndi kulemera kwa kapu imodzi ya chinthucho. Mukufuna shuga magalamu 400, kapu imodzi ndi 200, ndiye makapu awiri. Mukufuna fulawa theka la kilo, kapu imodzi ndi 125, ndiye makapu anayi. Pobwerera mumachulukitsa: makapu atatu a mpunga ndi 3 kuchulukitsa ndi 200, magalamu 600.

Nayi miyezo imene mwana wanga amagwiritsa ntchito tsopano pa mandasi 40. Fulawa kilo imodzi, amene ndi makapu 8. Shuga magalamu 160, kapu imodzi yosadzaza, yoperewera kotala. Mchere magalamu 10, supuni ya tiyi imodzi ndi theka kapena kuposerako pang'ono. Yisiti magalamu 10, masupuni a tiyi atatu. Mafuta masupuni aakulu atatu. Madzi ofunda makapu awiri ndi pang'ono, kuwonjezera mwapang'onopang'ono mpaka ufa utagwirana. Zonsezi zikakandidwa zimalemera pafupifupi kilo imodzi ndi magalamu 800. Mukagawa pa 40, ndasi imodzi ndi magalamu 45. Aliyense ali ndi kakomedwe kake, wina amaonjezera mkaka, wina dzira. Chachikulu n'chakuti mudziwe zimene mwaika, kuti mawa mudzathe kubwereza ndiponso kuwerengera phindu. Amene mumaphika zitumbuwa, chigumu, masikono ndi samusa, chitani chimodzimodzi. Lembani m'kope kamodzi kokha, basi.

Pa mafuta, lembani mzere pa botolo musanathire m'chiwaya. Mukamaliza, mafuta akazizira, abwezereni muone pamene afika. Pamenepo mudziwa mafuta amene mandasi amwa tsiku limenelo. Mafuta akakhala osatentha mokwanira mandasi amamwa ambiri, ndipo mzere wa pa botolo udzakuuzani.

Achinyamata ambiri tsopano amatenga maphikidwe pa foni, pa Facebook ndi YouTube. Chenjerani pang'ono. Kapu ya ku South Africa, kumene ana athu ambiri ali, ndi mamililita 250. Ya ku America ndi pafupifupi 240. Kusiyanako n'kochepa, sikuononga keke. Koma mukaona mapaundi ndi maaunsi, dziwani kuti paundi imodzi ndi magalamu 454 ndipo aunsi imodzi ndi magalamu 28. Ife akale tinakulira mapaundi omwewa. Thumba la chimanga la nthawi ya makolo athu linali la mapaundi 200, amene ndi makilo 90, ndipo chitini cha parafini cha magaloni anayi chinkalowa malita 18. Mukamva agogo akuti kale thumba limodzi linkatha miyezi iwiri, kumbukirani kuti thumba lawo silinali la makilo 50.

Chigoba, ndowa ndi thumba

Tituluke m'khitchini tipite pa msika, kaya pa Ntaja, pa Nsanama, pa Liwonde kapena pa Balaka. Kumeneko mfumu ndi chigoba cha malita 5 ndi ndowa ya malita 20.

Chigoba chosalaza cha chimanga chouma chimalemera pafupifupi makilo atatu ndi theka, kunena mwatchutchu 3.6. Cha mpunga wopuntha makilo 4. Cha mpunga wosapuntha sichikwana bwino makilo atatu, chifukwa mankhusu ndi opepuka. Cha nyemba kapena nandolo chimayandikira makilo 4. Ndowa yosalaza ya chimanga ndi makilo 14 kapena 15. Choncho thumba la chimanga la makilo 50 ndi zigoba 14, kapena ndowa zitatu ndi theka.

Tsopano tamverani apa. Chigoba chamulu chikhoza kuposa chosalaza ndi theka la kilo. Wogula akabwera pakhomo n'kumayeza chamulu, thumba lanu lija limatulutsa zigoba 12 m'malo mwa 14. Zigoba ziwiri zapita pa thumba lililonse. Pa matumba 10 ndi zigoba 20, kuposa thumba lathunthu. Yemweyo akakafika pa msika amagulitsa chosalaza. Palinso ena amene amakhala ndi zigoba ziwiri, chogulira chofutukuka ndi chogulitsira chophwanyidwa pansi. Sindikunena kuti mavenda onse amatero, ambiri ndi anthu oona mtima ofuna kudyetsa ana awo. Koma musanayambe kuyeza gwirizanani: chamulu kapena chosalaza, ndipo chigoba chake cha ndani. Kukhala ndi chigoba chanuchanu chimene munachiyesa ndi mabotolo 10 a 500 ml si mwano.

Alimi a mpunga a ku sikimu ya Domasi ndi madambo a Chilwa, thumba likhoza kukunamizani. Thumba limene limalowa makilo 50 a chimanga, mukalidzaza mpunga wosapuntha kufika pomwepo limalemera pafupifupi makilo 40. N'chifukwa chake ogula ena amakonda matumba osokerera pamwamba, ndipo pamenepo palibenso amene akudziwa kulemera kwake. Gulitsani pa kilo ngati n'kotheka. Dziwaninso kuti makilo 50 a mpunga wosapuntha akapita kuchigayo amabwerako makilo 30 kapena kuposerako pang'ono. Ndi nambala imeneyo mungathe kuwerengera ngati kuli bwino kugulitsa wopuntha kapena wosapuntha.

Chimanga nacho chimataya kuchigayo. Mgaiwa umabwerako pafupifupi wonse. Ufa woyera, pokonola, kunyika ndi kuyanika, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limapita ku madeya ndi m'madzi. Thumba la makilo 50 limatsala makilo 33 kapena kuzungulira pamenepo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe yayamba kuoneka pansi, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Chinyezi chimasinthanso zinthu. Chimanga chosauma bwino chimalemera ndi madzi, ndipo chikauma chimapepuka n'kuphwa m'thumba. Choyenera kusunga chimakhala ndi chinyezi cha 13 pa 100 kapena kucheperako. Poyesa, ikani chimanga pang'ono m'botolo lagalasi louma, muthiremo mchere wouma bwino, mutseke, mukhutchumule, mudikire kanthawi. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa.

Sikelo nayo imayesedwa

Musaganize kuti sikelo ndi mngelo. Ina imatopa, ina anthu amaipotoza dala. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayendera ndi kutsimikizira masikelo a malonda, ndipo sikelo yoyesedwa imakhala ndi chizindikiro chawo. Muli ndi ufulu wofunsa kuti muchione. Koma inunso muli ndi poyesera panu. Paketi ya shuga ya kilo imodzi yosatsegula ndi mwala woyesera wabwino. Ikani pa sikelo musanaike mbewu zanu. Pa sikelo yaikulu yopachika, chigubu cha madzi malita 5 chiyenera kuonetsa makilo 5 ndi kakulemera ka chigubucho. Yang'ananinso kuti muvi ukuyambira pa 0.

Amene mulibe sikelo pakhomo mungapange yanu. Tengani ndodo yowongoka, mumange chingwe pakati penipeni, mupachike zitini ziwiri zofanana ku nsonga zake, muone kuti zili phee mofanana. Mbali ina ikani madzi theka la lita, mbali inayo thirani ufa mpaka ndodo itagona mowongoka. Ufa umenewo ndi theka la kilo. Uthireni m'kapu yanu muwerenge makapu. Mwapeza muyezo wa pakhomo panu popanda kulipira tambala.

Za kunyanja

Asodzi ndi amayi ogula nsomba, kwa inu chigoba n'chovuta kuposa kwa mlimi. Matemba a ku Chilwa, kambuzi wa ku Malombe ndi usipa wochokera ku Mangochi sizigona mofanana m'chigoba. Zikuluzikulu zimasiya mipata, zing'onozing'ono ndi zofumbutuka zimadzaza thithithi. Komanso thupi la nsomba, pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi madzi. Makilo anayi a nsomba zaziwisi akauma bwino pa thandala akhoza kutsala kilo imodzi ndi pang'ono. Mayi wogula zaziwisi pa doko n'kukagulitsa zouma ayenera kudziwa kuti ndowa imodzi yaiwisi imamupatsa zigoba zingati zouma. Yezani ulendo umodzi, mulembe. Nyengo ikasintha kapena nsomba zikasintha kukula, yezaninso.

Pothira mchere makumba kapena mlamba musanawambe, muyezo wosavuta kukumbukira ndi magalamu 100 a mchere pa lita ya madzi, amene ndi gawo limodzi mwa atatu a kapu ya mchere wosalala. Pa ndowa ya madzi malita 10 ndi kilo imodzi. Dziwaninso kuti lita ya madzi siisungunula mchere woposa magalamu 360. Woposa pamenepo umangokhala pansi, ndi ndalama zotayika.

Mphika waukulu

Pa ukwati, pa sadaka kapena pa Eid, amayi athu amavutika ndi funso limodzi: mpunga ukwana? Ukaperewera ndi manyazi, ukatsala wambiri ndi kuononga. Ine ndimawerengera magalamu 150 a mpunga wosaphika pa munthu wamkulu mmodzi. Kilo imodzi ndi anthu 6 kapena 7. Chigoba chimodzi ndi anthu 25 kapena kuposerako pang'ono. Anthu 200 ndi makilo 30, zigoba 7 ndi theka. Ngati pali nsima pambali, chepetsani. Ngati ambiri ndi anyamata ochokera kunyanja, onjezerani, inu mukuwadziwa.

Madzi a mpunga amayezedwa ndi chida chomwe mwayezera mpunga: muyezo umodzi wa mpunga, madzi umodzi ndi theka kufikira iwiri. Mpunga watsopano umafuna madzi ochepa kuposa wogonera chaka, ndipo mphika waukulu wovindikira bwino sutaya nthunzi yambiri ngati kapoto. Mchere, masupuni a tiyi awiri osalaza pa kilo ya mpunga amakwana.

Pa phala la ana la Likuni, muyezo ndi magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya wokazinga. Apa mwayi ulipo, chifukwa chimanga ndi soya zimalemera mofanana ndithu, kotero makapu anayi ndi kapu imodzi zimakwana popanda sikelo.

Pamene supuni ikhudza moyo

Tonse tikukumbuka kolera imene inayambira kuno ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira dziko lonse. Paketi ya Thanzi ORS imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi abwino, amene ndi mabotolo awiri a 500 ml. Ena amathira paketi yonse m'kapu imodzi poganiza kuti mankhwala akhale amphamvu. Zimenezo n'zoopsa, makamaka kwa mwana, chifukwa mchere umachuluka. Ngati paketi palibe ndipo muli pa ulendo wopita kuchipatala, muyezo wa pakhomo ndi masupuni a tiyi 6 osalaza a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, m'lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira. Osalaza, osati amulu. Ndipo kuchipatala pitani ndithu.

Kwa ife achikulire a BP, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza mchere wosafika magalamu 5 pa tsiku. Imeneyo ndi supuni ya tiyi imodzi yosadzaza, kuwerengera ndi mchere wa m'nsomba zouma womwe. Dzanja limene limathira mchere m'ndiwo silidziwa magalamu. Yesani tsiku limodzi kuthira m'supuni kaye zimene mumatapa ndi zala, mudzadabwa.

Sa' ya Zakaatul Fitr

Nkhaniyi imafikanso pa chipembedzo chathu. Zakaatul Fitr imene timapereka pa mapeto a Ramadhan inalamulidwa ndi muyezo wa sa' imodzi pa munthu aliyense wa pabanja. Sa' ndi chotengera, ngati chigoba cha ku Madina, ndipo imalowa ma mudd anayi. Mudd ndi manja awiri odzaza a munthu wa msinkhu wapakati. Poti ndi muyezo wa malo, kulemera kwake kumasintha ndi mbewu, monga taonera pamwambapa. N'chifukwa chake mumamva ma sheikh akutchula manambala osiyana, kuyambira makilo awiri ndi pang'ono kufikira makilo atatu. Palibe amene akunama, akusandutsa malo kukhala kulemera.

Ine ndimalangiza makilo atatu pa munthu, kuti mtima ukhale m'malo. Banja la anthu 6 ndi makilo 18, amene ndi zigoba 5 zosalaza za chimanga, kapena zigoba zinayi ndi theka za mpunga wopuntha. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kuwerengera chigoba chimodzi pa anthu awiri. Pamenepo mwaperewera. M'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, timapereka mbewu yosagaya ya chakudya cha m'deralo, ndipo ikhale yabwino, yosafumbwa.

Zakaat ya zokolola nayo ili ndi mulingo wake, ma wasq asanu, ndipo wasq imodzi ndi ma sa' 60. Onse pamodzi ndi ma sa' 300, amene ma ulama ambiri a masiku ano amawerengera kuti ndi makilo pafupifupi 650, kapena matumba 13 a makilo 50. Pa mpunga wosungidwa ndi mankhusu, mabuku a Shafi'i amaika ma wasq 10. Amene mwafika pamenepo khalani pansi ndi sheikh wa pa mzikiti wanu muwerengere bwino.

Ndipo tisaiwale kuti m'Qur'an muli Surah yathunthu, ya nambala 83, Al-Mutaffifin, imene dzina lake ndi la anthu opungula miyezo, ofuna chodzaza akamagula n'kumapereka choperewera akamagulitsa. Anthu a Mtumiki Shuaib, mtendere ukhale pa iye, anaonongeka ndipo limodzi mwa machimo awo linali lomweli. Tisamangoloza venda. Mlimi wothira mchenga pansi pa thumba la nandolo, kapena wowaza madzi pa thonje kuti lilemere, ali m'gulu lomwelo.

Zochita sabata ino

Yesani kapu yanu ndi botolo la 500 ml. Yesani chigoba ndi ndowa. Pezani sikelo yokhulupirika tsiku limodzi, muyeze chigoba cha chinthu chilichonse chimene mumagula kapena kugulitsa, mulembe pa chikuto cha kope. Manambala anga ndi poyambira chabe, a pakhomo panu ndiwo enieni. Amayi a m'gulu limodzi la banki m'khonde akhoza kusonkherana n'kugula sikelo yaing'ono imodzi, poti mutu umodzi susenza denga. Ana a sukulu apatseni ntchito yowerengera, amasangalala nayo.

Mwana wanga uja anapita kwa wa golosale. Sanamuyalutse, ndipo mwiniwakeyo sankadziwa n'komwe kuti ankaganiziridwa zoipa, koma iye anaona kuti ndi bwino kukapepesa pa zimene ananena kumbali. Anamutengera mandasi asanu. Bamboyo anaseka n'kunena kuti shuga wabwerera. Thumba la makilo 10 likukwananso masiku 10, ndipo mdzukulu amene anataya kapu ija ndiye amalemba m'kope madzulo aliwonse.

Allah adalitse minda yanu, maukonde anu ndi miphika yanu. Wassalamu alaikum.